Nyumba, Nkhuni ndi Cakudya pa Cape Maclear

Masamba ano azolowera kunyamula maulaliki a pa masiteshoni athu. Koma mwezi uno tapempha malo kuti tikambe mbiri, ndipo mbiri yace ndi ya zinthu zimene alaliki sakonda kukwera nazo pa guwa, ndizo nyumba, nkhuni, madzi ndi ndiwo. Iwo amene anafika ku Cembe, m'dziko la Mangoci, kumene mapu acha Cape Maclear, adziwa kuti patsinde pa phiri, pakati pa miyala ndi mitengo, pali manda a anchito oyamba a Misyoni ya Livingstonia. Pakuwakumbukira anthu amenewa tichula kulimba mtima kwao, ndipo nkoyenera kutero. Koma sitifunsa kawiri kawiri kuti anagona pati, anadya ciani, anawasinjira ndani. Ife tiyesa kuti munthu wofuna kudziwa cifukwa cace mudzi uja unakhala zaka zisanu ndi cimodzi zokha ayambe ndi mafunso omwewa.

David Livingstone atamwalira m'caka ca 1873, Eklesia wa Free Church wa ku Scotland anapangana kutumiza anthu ku Nyanja ino, cikhale cikumbutso cace. Anacoka ku London pa 21 May 1875, amuna asanu ndi atatu, ndipo tapenyani nchito zao. Mtsogoleri anali E. D. Young, munthu wa ngalawa za nkhondo, amene anafika kale kuno m'caka ca 1867 pofunafuna mbiri ya Livingstone. George Johnston anali mmisiri wa matabwa. John McFadyen ndi Allan Simpson anali a makina ndi osula zitsulo. Alexander Riddel anali wa zaulimi. William Baker anali mmarinyero. Henry Henderson anatumidwa ndi Church of Scotland kudzafuna malo a misyoni yao, ndiye amene pambuyo pace anasankha Blantyre. Mbusa wodzozedwa anali mmodzi yekha, Dotolo Robert Laws, wa zaka 24. Ndipo iyenso anali mwana wa mmisiri wa matabwa wa ku Aberdeen, amene anagwira nchito ya atate wace asanaphunzire using'anga. Amene anawasankha anadziwa kuti mlaliki wopanda denga sacedwa kutonthola. Ku South Africa anatenganso omasulira mau, mwa iwo Tom Bokwito ndi Sam Sambani, ana a dziko lino amene anaomboledwa ku ukapolo ali ang'ono. Popanda iwowa alendo aja sakadatha kugula ngakhale dzira limodzi.

Katundu wao wamkuru anali sitima yacitsulo, dzina lace Ilala, ya mapazi 48 m'litali, imene inadza zidutswa zidutswa. Anailumikiza pa Kongone, pamene Zambezi athira m'nyanja yamcere, nakwera nayo mtsinje. Pa ulendo womwewo bwato lina la katundu linagubuduka, ndipo zobvala zambiri za alendowo zinamira; cotero umphawi unawapeza asanaione Nyanja. Pofika pa mathithi a Shire anaimasulanso sitimayo, ndipo mafumu a Amakololo anasonkhanitsa amtengatenga mazana mazana, amene anasenza zitsulozo pamitu, m'dzuwa, ulendo wa mamailosi ngati 60. Malipiro ao anali nsaru, ndipo mbiri inena kuti sikanatayika kacitsulo ngakhale kamodzi. Atailumikizanso kumtunda kwa mathithi anafika kwa Mponda, mfumu ya Ayao imene inagwira doko la pa Shire, kufupi ndi pamene pali boma la Mangoci. Ndipo Mponda anawalola kukhala m'dziko lace. Pa 12 October 1875 Ilala analowa m'Nyanja, ndipo patapita masiku owerengeka anaima pa Cape Maclear.

Tsono apa ndipo pali mutu wa nkhani. Malo aja anasankhidwa ndi maso a munthu wa ngalawa. Wopenya ali m'madzi aona dooko lokoma ndithu: mapiri achinga mwera, zisumbu za Thumbi ndi Domwe zithyola mafunde, madzi ndi oyera, mcenga ndi wosalala, ndipo mitengo ya nkhuni iri pafupi. Sitima inapeza pogona pabwino koposa. Koma munthu sali sitima. Iwo anafika mwezi wa October, nthaka iri youma gwa, udzudzu uli wocepa. Ndipo yense wa ife amene anabadwira kunyanja adziwa kuti malo ayesedwa m'dzinja, pamene cigwa ca kuseri kwa gombe cisunga madzi ndi udzu ukwera kufikira m'mapewa. Akuru anati safunsa anadya phula. Koma tisafulumire kuwaseka, pakuti akadafunsa yani? Dziko linali lopasuka ndi nkhondo za ogwira akapolo, ndipo anthu pa malo aja anali ocepa. Kunena za Mponda, iye anali wa malonda a anthu, nalandira nsaru, mfuti ndi onga kucokera kugombe la kum'mawa. Ndipo ife tiyesa kuti sikunamuipire kuti Azungu odana ndi malondawo akhale kuseri kwa mapiri, kutali ndi doko lace.

Nchito yoyamba inali kuthamangitsana ndi mvula. Kufikira nyumba itatha, pogona pao panali m'sitimamo ndi m'misasa ya pagombe. Ndipo nyumba imene anamanga siinasiyana kwambiri ndi za makolo athu, koma kukula kwace ndi zitseko zace: nsici ndi phaso za mitengo ya m'phiri, bango, dothi lomata, ndi udzu wofolera. Dotolo anagwira nkhwangwa pamodzi ndi anzace. Komatu nyumba ya udzu ifuna nzeru zimene sukulu za ku Aberdeen siziphunzitsa: mtengo uti ciswe ciukana, luzi liti silithetheka, udzu uti usweta mvula. Nzeru zimenezi zinali m'manja mwa anthu a m'midzi amene anadza kudzagwira nchito ya nsaru. Nyumba zinacuruka pambuyo pace, ya sukulu, ya katundu, ya amisiri. Ndipo m'mwezi wa March 1876 Laws anagoneka munthu ndi mankhwala ogonetsa namcotsa cotupa ca pamwamba pa diso, cinthu cimene cinamveka m'midzi yakutali. Zonsezi zinacitika pansi pa denga la udzu lofolera anthu a kuno.

Nanga cakudya? Zakwao, monga ufa watirigu, tiyi, shuga ndi nyama ya m'zitini, zinali zocepa, pakuti njira yace inali yaitali: sitima yaikuru kufikira ku Quelimane, mabwato pa mtsinje wa Kwakwa, kenaka Zambezi ndi Shire, kenaka mitu ya amtengatenga, kenaka Ilala. Khomo la Chinde, limene linafupikitsa ulendowu, linadziwika kwa Azungu m'caka ca 1889, iwo atacoka kale. Kalata yopempha thumba la ufa inayenda miyezi, ndi yankho lace miyezi yina. Cifukwa cace cakudya ca tsiku ndi tsiku cinali ca dziko lino: nkhuku, mbuzi, nsomba za m'Nyanja, cimanga, mapira, ndi nyama ya m'thengo pamene mfuti inapeza mwai.

Ndarama zacitsulo zinalibe nchito masiku aja. Ndarama inali nsaru yoyera yoyesa ndi mkono ndi mkwamba, pamodzi ndi mikanda. Wosunga nyumba ya katundu akaona mitumba ya nsaru irikutha anadziwa kuti njala yayandikira, ngakhale m'midzi nkhokwe zinali zodzala. Ndipo taonani cinthu codabwitsa: nsaru imene inagula nkhuku pa Cape Maclear ndiyo inagulanso ana a anthu kwa Mponda, pa mtunda wa masiku awiri okha. Wogulitsa anayenera kusankha kumene apite ndi malonda ace. Mai amene anakonola cimanga, nabviika mphale, nasinja, nayanika ufa pa mphasa, nausenza kapena kuukweza m'bwato kunka nao kwa alendo, ndiye anasunga moyo wa Misyoni koposa mabokosi onse a ku Glasgow. Mabuku a mbiri ali ndi maina a onse amene anakwera sitima ku London. Maina a amai osinjawa sanalembedwe.

Riddel, ndi John Gunn amene anadza pambuyo pace, anayesa kulima kuti Misyoni idzidyetse yokha. Koma nthaka ya pakati pa phiri ndi gombe inali yopapatiza ndi yosalimba. Ndipo coipa coposa, m'thengomo munali kashembe, nchenche ija imene iluma ng'ombe nizifa. Popanda ng'ombe panalibe mkaka wa odwala, panalibe cokoka khasu lacizungu, panalibe ngolo. Zonse zinatsalira khasu la m'manja ndi mutu wa munthu. Bvuto ili la katundu ndi malonda ndilo linacititsa eni cuma a ku Glasgow kuyambitsa kampani m'caka ca 1878, naituma ndi abale awiri, John ndi Frederick Moir, kuti amisyoni apumule ku nchito yogula ndi kunyamula. Ndiyo kampani imene makolo athu anaicha Mandala.

Ilala nayenso anali ndi mimba yace. Moto wace unadya nkhuni, ndipo ulendo uli wonse wa pa Nyanja unayamba ndi masiku a kutema, kuwaza ndi kuunjika mitolo pagombe. Nkhuni za sitima, nkhuni za kukhichini, madzi a kumwa, madzi a kuponda dothi: munthu wowerenga maora a tsiku la pa Cape Maclear akadapeza kuti a nkhwangwa ndi mtsuko apambana a kalata ndi coko.

Mwina ndico cifukwa cace mau a William Koyi akumbukika kufikira lero. M'caka ca 1876 Dotolo James Stewart, mkuru wa sukulu ya Lovedale ku South Africa, anafunsa ophunzira ace ngati alipo ofuna kunka ku Nyanja. Anadzipereka khumi ndi anai, ndipo anasankhidwa anai: William Koyi, Shadrach Mngunana, Mapassa Ntintili ndi Isaac Wauchope. Koyi sanali wophunzira kwambiri, ndipo podzipereka anati luso lace ndi lacing'ono, koma akhoza kutema nkhuni ndi kutunga madzi. Alaliki ambiri atenga mau amenewa ngati citsanzo ca kudzicepetsa, ndipo sitikana; koma ife tiona kuti munthuyu anachula nchito zenizeni zimene mudzi uja unazisowa. Anafika mu October 1876, pamodzi ndi Stewart, Dotolo William Black, John Gunn ndi amisiri ena.

Tiime pang'ono pa anai amenewa, pakuti ndiwo abale athu a khungu limodzi amene anasiya kwao kukatumikira dziko lacilendo. Anacokera ku sukulu kumene ana akuda ndi oyera anaphunzira m'cipinda cimodzi, koma pogona anagona kosiyana, ndi pakudya anakhala pa magome osiyana. Cotero nkhani ya mbale ndi mphasa siinali yacilendo kwa iwo. Azungu ambiri masiku aja anayesa kuti munthu wakuda ali yense apirira dziko liri lonse la Afrika, monga ngati Afrika ndi mudzi umodzi. Koma dziko la Axhosa ndi la mapiri ndi msipu, lopanda malungo. Thupi la Mngunana linali lacilendo kwa udzudzu wa kunyanja monga momwe linaliri thupi la Black. Ndiponso Axhosa ndi anthu a ng'ombe ndi mkaka wosasa, ndipo mwambo wa makolo ao unakana nsomba, monga anacitira Angoni akale. Tsono lingalirani mwana wa mtundu wotere atafika kumene ng'ombe ifa ndi kashembe, ndi kumene ndiwo ya ulemu ndi cambo ndi kampango. Wauchope anadwala kolimba nabwezedwa kwao posacedwa. Anakhala mbusa, ndipo anamira ndi sitima ya Mendi m'caka ca 1917. Ntintili anagwira nchito ya umisiri, nathandizanso ku Blantyre, nabwerera kwao m'caka ca 1880. Mngunana anaphunzitsa ana m'sukulu miyezi yowerengeka yokha.

Pakuti malungo sanacedwe. Masiku aja asing'anga ambiri anakhulupirira kuti nthendayi idza ndi mpweya woipa wa m'madambo. Mankhwala a kwinini anali nao, ndipo anathandiza. Koma mdani weniweni, amene analira m'makutu mwao usiku uli wonse, anamuyesa cinthu congosautsa tulo. Laws mwini anagwa ndi malungo kawiri kawiri, nadzuka. Ena sanadzuke. Dotolo Black anamwalira mu May 1877, asanathe caka pa malopo; Shadrach Mngunana anamtsata mu June; John Mackay, mmisiri wa ngalawa, anaikidwa caka comweco. M'caka ca 1880 anamwalira George Benzie, woyendetsa Ilala, ndi John Gunn mlimi uja. Caka comweco ca 1880 sing'anga wacifalansa, Alphonse Laveran, anaona kacirombo ka malungo m'mwazi wa munthu ku Algeria; ndipo m'caka ca 1897 Ronald Ross anakapeza m'mimba mwa udzudzu ku India. Nzeru imene mwana wa sukulu ali nayo lero, yakuti ukonde wa pa kama ndi kukwirira zithaphwi ziteteza moyo, inafika manda asanu aja atamera kale udzu.

Pali mbali yina ya nkhani ya cakudya imene siikoma kuinena, koma tikaibisa tidzakhala mboni zonama. Mudzi wa Misyoni unakula. Anadza othawa goli, anadza osowa pogwira, anadza ana a mafumu a Amakololo kudzaphunzira. Ndipo pofika 1880 anthu anali mazana angapo. Onsewa anafuna phoso, ndipo mwini nyumba ya katundu anasanduka mfumu osadziwa. Wogawa cakudya ndiye aweruza milandu. Ndipo woweruza milandu popanda boma sacedwa kutola mkwapulo. Pa Cape Maclear anthu analangidwa ndi amisyoni. Ku Blantyre zinafika poipa, pakuti kumeneko munthu anafa atakwapulidwa pa mlandu wa bokosi la tiyi. Mbiriyi inamveka ku Britain m'caka ca 1880, pamene Andrew Chirnside anaisindikiza, ndipo akuru a ku Scotland analamula kuti amisyoni aleke kuweruza anthu monga boma. Ife abusa, amene nthawi ya njala tipatsidwa makiyi a cimanga ca cithandizo, tiwerenga mbali iyi ndi mantha, pakuti tidziwa m'mene mau a munthu asinthira akakhala ndi kiyi m'thumba.

M'caka ca 1879 Laws anakwatira Margaret Gray ku Blantyre, nadza naye ku Cape Maclear, ndipo atsikana anayamba kuphunzira kusoka ndi nchito za m'nyumba. Koma maganizo a kucoka anali atakhwima kale. Kuyambira 1878 Laws ndi Koyi anayenda maulendo atali kufunafuna malo ena, ndipo cinenero ca Koyi, cimene cifanana ndi ca Angoni, cinatsegula makomo amene Mzungu sakadatsegula. Pa 27 March 1881 Albert Namalambe anabatizidwa, woyamba wa Misyoni yonse. Ndipo caka comweco likuru linasamukira ku Bandawe, pakati pa Atonga, kumene anthu anali ambiri ndi cinangwa cosasowa. Anthu okonda kuwerengera anati, manda asanu, Mkristu mmodzi. Koma Mkristu mmodziyo ndiye anatsala kuyang'anira sukulu ndi mapemphero pa Cape Maclear. Ndipo iye sanafune ufa wa ku Quelimane kapena nyama ya m'zitini, pakuti nsima ya pa malopo inali cakudya cace.

Bandawe nayenso anali wa m'mphepete mwa Nyanja, ndipo manda anacurukanso kumeneko. Koyi anamwalira kwa Angoni, pa Njuyu, m'caka ca 1886. Pomariza, m'caka ca 1894, Laws anakwera ku Khondowe, ndipo tsopano anasankha malo ndi maso ena: kutalika kwa phiri, mphepo yozizira, madzi oyenda, mitengo ya matabwa, ndi nthaka yolima. Dooko la sitima linatsala kutali pansi pa phiri. Zinamtengera zaka 19 kuti afike pamenepo.

Alendo odzipereka sanaleke kudza ku gombe lino la kumwera. A Misyoni ya Universities, amene anakhazika siteshoni kwa Mponda m'caka ca 1896, nalumikiza sitima yao ya Chauncy Maples imene inalowa m'madzi m'caka ca 1901, anali ndi lamulo lakuti anchito ao Acizungu asalandire malipiro, koma pogona, cakudya, ndi kandarama kocepa ka zobvala. Anyamata ndi atsikana a Peace Corps a ku America anayamba kufika m'dziko lino m'caka ca 1963, ndi ena a maiko ena pambuyo pao. Ndipo pa Cembe pomwepo panatsegulidwa cipatala m'caka ca 2004 cimene asing'anga ndi anamwino odzipereka ocokera kunja anadza kudzathandizamo. Iwowa afika ndi ukonde ndi mapiritsi m'cikwama, ndipo mau ao afika kwao tsiku lomwelo.

Koma mtsuko ndi mafuwa sizinasinthe kwenikweni. Ife tomwe tinalandira mlendo wotere pa siteshoni ina kumene tinatumikira, mphunzitsi wamkazi wa kutsidya kwa nyanja. Akuru a mpingo anakhala pansi masiku awiri kukonza mau omlandira nao ndi nyimbo za kwaya, ndipo panalibe mmodzi wa ife amene anakwera kukaona denga la nyumba yace. Mvula yoyamba inamnyowetsa pa kama, mabuku ndi zobvala zomwe. M'mawa mwace amai atatu a mumpingo, osatumidwa ndi munthu, anafika ndi phala, nayanika katundu wace, namtenga kukamsonyeza citsime cimene madzi ace samwetsa m'mimba, ndi msodzi amene sakweza mtengo poona khungu loyera. Anakhala nafe zaka ziwiri. M'buku la siteshoni tinalemba dzina la mlendoyo ndi tsiku la kufika kwace. Ndipo tibvomera ndi manyazi kuti maina a amai atatuwo tinawalemba pambuyo pace, titawerenga mbiri iyi ya Cape Maclear.

Manda aja tsopano ali m'kati mwa nkhalango yosungidwa ndi Boma, imene inakhazikitsidwa m'caka ca 1980, ndipo ofuna kuwaona akhoza kufikako ndi mapazi kucokera ku Cembe. Tipempha akuru a mipingo ya ku Cembe, ku Msaka, ku Malembo ndi kwa Mponda: ngati alipo okalamba amene anamva kwa agogo ao za munthu wa pa mtundu pao amene anasinja ufa, kapena kuphika, kapena kutema nkhuni za Ilala m'masiku a Dotolo Laws, alembe dzina lace, ndi mudzi wace, ndi mfunda wace, natumize kwa mkonzi wa masamba ano mwezi wa mawa usanathe.